Momwe mungasonkhanitsire zovala zochepa, zogwirizana komanso zosatha fasho

Amayi ambiri ali ndi zovala zodzaza wodiropu mpaka chitseko kukanika kutseka, koma m'mawa uliwonse amasowabe chovala. Nthawi zambiri vuto silikhala kuchepa kwa zovala ayi. Vuto n'lakuti chilichonse chinagulidwa pachokha, osaganizira chinzake. Bulauzi yamaluwa ilibe siketi yoyenda nayo, siketi yabwino ikufuna nsapato zomwe palibe, ndipo diresi lokongola lija limathina m'khwapa moti simungalivale tsiku lonse. Chofunika ndi zovala zochepa zomwe zimakukwanani bwino, zosokedwa ndi nsalu yolimba, komanso zoti chilichonse chingavalidwe ndi zinzake zingapo.

Maganizo amenewa si atsopano. M'zaka za m'ma 1970, Susie Faux, yemwe anali ndi sitolo ya zovala ku London, ankalimbikitsa amayi kukhala ndi zovala zochepa zosatha fasho n'kumangowonjezerapo chimodzi kapena ziwiri nyengo ikasintha. Mu 1985, Donna Karan, wopanga masitayilo a zovala wa ku New York, anatulutsa zovala zisanu ndi ziwiri zokha zoti mayi wapantchito azizisinthanitsa kuchokera m'mawa mpaka usiku. Chiwerengerocho si lamulo. Chomwe tiyenera kutengapo ndi kaganizidwe kake.

Yambani ndi moyo wanu, osati sitolo

Musanagule kanthu, tengani pepala mulembe zomwe mumachita m'masabata awiri wamba: masiku a kuntchito, masiku okhala pakhomo, maulendo, mapemphero kapena misonkhano, ndi zochitika zapadera. Ngati mumapita kuntchito masiku asanu pa asanu ndi awiri, zovala zambiri ziyenera kukhala zoti mungapite nazo kuntchitoko. Kulakwitsa kofala n'kukhala ndi madiresi asanu ndi atatu apaphwando pomwe maphwandowo amachitika kangapo pachaka, koma mathalauza akuntchito awiri okha omwe atha ndi kuchapachapa. Lembaninso za nyengo ya komwe mukukhala, kuchuluka kwa mtunda womwe mumayenda wapansi, komanso ngati muli ndi nthawi yosita. Amene sakonda kusita asadzinamize n'kugula mashati asanu ofuna simbi.

Kenako tulutsani zonse, muziyale pabedi, ndipo muyese chilichonse masana kukuwala. Musangoima pagalasi. Khalani pampando, kwezani manja, weramani. Zovalazo zigaweni milu inayi: zomwe zimakukwanani ndipo mumazivala, zofunika kukonza, zoti zichoke, ndi zomwe mukukayika. Zokayikitsazo muziike m'katoni, mulembepo tsiku. Pakatha miyezi itatu kapena inayi musanazifune, ndiye kuti zingathe kupita kwa ena. Zotsalazo muzikoloweke mahang'ala atayang'ana kumbuyo, ndipo mukavala chovala muzibwezera hang'ala yake moyenera. Nyengo ikamatha, mahang'ala osatembenuzidwa adzakuuzani zoona.

Mulu woyambawo ndi umene muyenera kuuyang'anitsitsa kwambiri. Zovala zomwe mumathamangira kuvala zimakhala ndi zofanana: mwina zonse zili ndi khosi lotseguka, mwina zonse zimafika m'munsi mwa bondo, mwina zilibe lamba wothina m'chiuno. Amenewo ndiye masitayilo anu. Musawasiye chifukwa magazini yanena zina.

Mitundu

Sankhani mitundu iwiri yodera yoti ikhale maziko, mwachitsanzo wakuda, wabuluu wodera, wotuwa kapena wabulauni. Onjezani umodzi wowala, woyera kapena wakirimu. Pomaliza sankhani iwiri yomwe imakusangalatsani ndipo imakukhalani, kaya ndi wofiira, wobiriwira, wachikasu kapena wina. Masiketi, mathalauza, majekete, nsapato ndi chikwama zikhale za mitundu yamazikoyo. Mitundu yosangalatsayo ipite ku mabulauzi, mipango ndi diresi limodzi kapena awiri.

Kuti mudziwe ngati mtundu ukukukhalani, ikani nsaluyo pansi pa chibwano mutaima pafupi ndi windo, musanadzole zodzoladzola kumaso. Mtundu wabwino umachititsa khungu kuwala ndipo maso amaoneka amoyo. Wosayenera umaonetsa nkhope yotopa ndi yotuwa. Magetsi a m'sitolo amanamiza, choncho pemphani kutuluka nacho pakhomo. Wakuda si wa aliyense, ndipo uli ndi vuto lake: zovala ziwiri zakuda sizifanana kawirikawiri, makamaka china chikayamba kusuluka n'kumaoneka chofiirira. Ngati simukufuna kulimbana nazo zimenezi, buluu wodera amagwira ntchito yomweyo ndipo sakalamba msanga.

Nsalu zamaluwa ndi zamizere zili ndi malo ake, koma pogula onetsetsani kuti mtundu umodzi mwa yomwe ili m'maluwawo ndi wa maziko anu. Dziwaninso kuti anthu amakumbukira maluwa akuluakulu. Diresi lamaluwa mukalivala kawiri pasabata aliyense adziwa, pomwe siketi yakuda mungaivale katatu popanda woizindikira.

Zingati, ndipo zotani

Poyambira pabwino ndi zapansi zisanu, zapamwamba khumi, madiresi atatu, zofunda pamwamba zitatu ndi nsapato mapeyala anayi. Zapamwamba zimachuluka chifukwa zimachapidwa mukangovala kamodzi, komanso ndi zomwe anthu amaona pafupi ndi nkhope. Ngati zonse zikugwirizana, zapansi zisanu ndi zapamwamba khumi zikupatsani kavalidwe kosiyanasiyana 50, tisanawerengere madiresi ndi majekete.

Pa zapansi, khalani ndi thalauza limodzi lodera la miyendo yowongoka, jinzi imodzi yabuluu wodera yopanda zong'amba kapena zokongoletsa pamatumba, siketi imodzi yowongoka, ina yotambalala pang'ono kumunsi, ndi chachisanu chopepuka cha masiku otentha. Mwendo wowongoka ndi umene sutha fasho, chifukwa wothina kwambiri ndi wotambalala kwambiri amabwera n'kupita. Siketi ithere pomwe mwendo wachepa, kaya pansi pa bondo penipeni kapena mutadutsa katumba. Ikathera pakati pa katumba, pomwe mwendo ndi waukulu, imafupikitsa munthu. Siketi yowongoka imakwera mukakhala pansi, choncho muiyese mutakhala, ndipo ikhale ndi siliti kumbuyo kuti muziponya mwendo momasuka. Popanda siliti msoko wakumbuyo umaphulika.

Pa zapamwamba, shati yoyera yamabatani ndi yothandiza kwambiri, komanso ndi imene imavuta kupeza yokwana. Vuto lake ndi mpata womwe umatseguka pakati pa mabatani apachifuwa. Zimenezi zimachitika chifukwa shatiyo yagulidwa poyeza mapewa kapena chiuno. Gulani yokwana pachifuwa, kenako telala achepetse m'chiuno. Ngati mpatawo ndi waung'ono, kabatani kodina kosokedwa mkati pakati pa mabatani awiriwo kamathetsa nkhaniyo. Mkati mwa chovala choyera valani zamkati zofanana ndi khungu lanu, osati zoyera, chifukwa zoyera zimaonekera. Onjezani mabulauzi atatu kapena anayi oti mungapite nawo kuntchito ndi kokacheza komwe, masikipa atatu opanda zolembalemba, ndi juzi yopyapyala imodzi kapena ziwiri. Sikipa muione pakhosi: mphepete yake mukaikoka ibwerere msanga. Ikakhala yolobodoka isanachapidwe, ikachapidwa kawiri idzakhala yokhwepa.

Diresi limodzi likhale lodera, losakongoletsedwa, lofika pabondo kapena kupitirira, loti lisinthe maonekedwe malinga ndi nsapato ndi mkanda. Magazini ya Vogue inasindikiza chithunzi cha diresi lakuda losavuta la Coco Chanel, wopanga masitayilo a zovala wa ku France, mu 1926, ndipo mpaka lero lingaliro lake likugwirabe ntchito. Lachiwiri lingakhale lokulunga n'kumanga m'chiuno, sitayilo yomwe wopanga masitayilo wina, Diane von Furstenberg, anaitchukitsa m'ma 1970. Ubwino wake n'ngwakuti thupi likawonjezera kapena kuchepa pang'ono, mumangosintha pomangira. Lachitatu likhale lopepuka, la mtundu womwe mumaukonda.

Jekete ndi chovala chomwe sitingachite nacho mwachidule, chifukwa limakweza chilichonse chomwe mwavala mkati. Msoko wa phewa uthere pomwe fupa la phewa lathera. Ukapitirira, jeketelo limaoneka lobwereka. Ukaperewera, nsalu imakokeka kumsana. Manja athere pakafupa kolumikizira dzanja. Mukamanga batani pasaoneke makwinya opingasa ochokera pabatanipo. Liyeseni mutavala juzi yopyapyala mkati. Kuwonjezera pa jekete, khalani ndi juzi yamabatani ndi chikhoti chogwirizana ndi nyengo yakwanu. Kwa mvula ndi mphepo, chikhoti cha nsalu yolukidwa mothithikana yotchedwa gabardine, yomwe Thomas Burberry anaipanga mu 1879, chimakhala zaka zambiri.

Nsalu ndi kasokedwe

Apa ndi pomwe chovala chokhalitsa chimasiyana ndi cha miyezi itatu. Werengani lebulo ya mkati musanayang'ane china chilichonse.

Thonje, lomwe pa lebulo amalemba kuti cotton, limapitisa mphepo, limamwa thukuta ndipo limapirira kuchapa, koma limakwinyika ndipo limachepa pang'ono likachapidwa koyamba. Linen ndi yozizira kuposa thonje ndipo imafewa ikamakalamba, kungoti imakwinyika mukangokhala pansi. Yosakaniza ndi thonje imachepetsa vutoli. Ubweya wa nkhosa umatenthetsa, sugwira fungo msanga ndipo makwinya ake amachoka okha chovala chikakolowekedwa, koma madzi otentha ndi kutikita zimaufupikitsa n'kuuumitsa, ndipo sizibwerera. Silika ndi wokongola koma amaonongeka ndi thukuta, mafuta onunkhira ndi dzuwa. Viscose imagwa bwino pathupi ndipo ndi yozizira, koma imafooka ikanyowa, choncho siifuna kufinyidwa mwamphamvu. Poliyesitala sakwinyika ndipo amauma msanga, koma sapitisa bwino mphepo ndipo amasunga fungo la thukuta chifukwa amagwira mafuta a m'thupi. Ameneyu ndi wabwino pa siketi kapena thalauza kusiyana ndi pa bulauzi yokhudza m'khwapa. Juzi ya acrylic imatulutsa timibulu msanga m'mbali momwe mkono umakhula. Elastane ndi amene amachititsa nsalu kutamuka. Pa jinzi kapena thalauza, 1 mpaka 3 peresenti ndi yokwanira. Akachuluka, mawondo ndi kumbuyo zimatukumuka pakapita nthawi, makamaka chovalacho chikamakumana ndi kutentha.

Mukawerenga lebulo, yesani ndi manja. Fumbatani nsalu kwa masekondi khumi, kenako muisiye. Ngati makwinya atsalira kwambiri, mudziwe kuti ndi mmene idzaonekere pofika masana. Ikwezeni kowala: ngati mukuona dzanja lanu bwinobwino kuseri, ndi yopyapyala ndipo idzafuna pitikoti kapena kamisolo. Pa nsalu yodera kwambiri, khulani pang'ono mkati ndi kansalu koyera. Utoto ukatsalira pakansaluko, udzathimbiritsa zovala zina, chikwama ngakhalenso mipando.

Tembenuzani chovalacho muone mkati. Kokani msoko mbali zonse ziwiri pang'onopang'ono. Ngati pakuoneka timipata, ulusi ndi wotalikirana ndipo msokowo sukhalitsa. Nsalu yotsala kuseri kwa msoko ikhale pafupifupi sentimita imodzi ndi theka, kuti telala adzapeze pokulitsira. Mphepete zikhale zomangidwa kuti zisamayoyoke. Mizere ndi mabokosi zikumane pamisoko ya m'mbali. Zipi muikweze ndi kuitsitsa katatu, isakodwe ndiponso isapange mafunde. Mabowo a mabatani akhale osokedwa mothithikana, opanda ulusi wolendewera. Pomaliza kolowekani chovalacho pa hang'ala muone ngati misoko ya m'mbali ikutsika mowongoka. Ikamapotokera kutsogolo, nsaluyo inadulidwa mopendekera, ndipo palibe simbi yomwe ingakonze zimenezo.

Kukwana, ndi ntchito ya telala

Nambala ya saizi isakuvutitseni mtima, chifukwa kampani iliyonse ili ndi miyeso yake. Dziyezeni ndi tepi mutavala zamkati zomwe mumavala masiku onse: pachifuwa pomwe pali pokwera kwambiri, m'chiuno pomwe mwachepa, m'mahipi pomwe mwatambalala, kutalika kwa mwendo mkati, ndi kuchokera phewa lina kufika linzake. Sungani manambalawo mufoni. Pa nsalu yosatamuka, chovala chiyenera kuposa thupi ndi masentimita osachepera asanu pachifuwa ndi m'mahipi kuti mupume ndi kukhala pansi. M'chiuno muzitha kulowetsa zala ziwiri. Bra yosakwana imaononga maonekedwe a bulauzi iliyonse. Lamba wake wakumsana ndi amene amanyamula kwambiri, choncho akhale mowongoka osakwera m'mwamba, ndipo yatsopano izikwana pa ngowe yomasuka kwambiri kuti ikamatamuka muzisunthira mkati.

Gulani chokwana pomwe thupi lanu ndi lalikulu, zotsalazo achepetse telala. Kufupikitsa mpendero, kuchepetsa chiuno ndi masentimita atatu kapena anayi, kuika madati (timisoko topinda nsalu kuti chovala chigwire thupi) kumsana ndi kufupikitsa manja opanda zokongoletsa ndi ntchito zosavuta. Kusintha mapewa a jekete, kukonza thalauza lothina pakati pa miyendo, kapena kukulitsa chovala chopanda nsalu yotsala mkati n'kovuta ndipo kawirikawiri sikutuluka bwino. Zoterezo zisiyeni m'sitolo. Chapani chovala kapena nsalu musanapite nayo kwa telala, apo ayi idzachepa atasoka kale. Popita kukayezetsa mpendero wa thalauza, tengani nsapato zomwe muzivalira. Ndipo musagule chothina poyembekezera kuti muchepa thupi. Valani thupi lomwe muli nalo lero, nalonso n'loyenera zovala zabwino.

Nsapato ndi zokometsera

Mapeyala anayi akwanira: zafulati zotseka kutsogolo, zagogoda za chidendene chachikulu chotalika masentimita atatu mpaka asanu, zoyendera mtunda wautali, ndi masandasi kapena mabuti malinga ndi nyengo. Yesani nsapato madzulo mapazi atatupa pang'ono, muyese onse awiri, ndipo kutsogolo kwa chala chachitali kutsale mpata wa sentimita imodzi. Nsapato yoluma m'sitolo idzalumabe kunja. Chikwama chimodzi cholimba cha mtundu wamaziko ndi kena kakang'ono ka madzulo n'zokwanira. Mipango, malamba, ndolo ndi mikanda ndi malo abwino olowetsera fasho ya chaka chimenecho, chifukwa ikatha simutaya zambiri.

Kagulidwe

Mukamaliza kusankha za m'wodiropu, lembani mipata yomwe yatsala, kuyambira chomwe kusowa kwake kumakusautsani kwambiri. Musagule zonse mwezi umodzi. Kuona maso a nkhono n'kudekha: chovala choyenera mwina chitenga miyezi kuti chipezeke, ndipo chongogwirizira chomwe mwagula mothamanga chimangowonjezera mulu uja. Musanalipire, tchulani zovala zitatu zomwe muli nazo kale zoti muvalire chatsopanocho. Ngati chikufuna kuti mugulenso nsapato ndi bulauzi kuti chivalike, si chanu. Chomwe mwangochikonda mwadzidzidzi chisiyeni masiku awiri kapena atatu. Kutsika mtengo si chifukwa chogulira. Dzifunseni ngati mukanachifuna chikanakhala pa mtengo wake wonse.

Ndalama zambiri zipite ku zomwe mumavala kawirikawiri ndiponso zovuta kusoka: jekete, thalauza, nsapato, chikhoti. Thalauza lodula kawiri kuposa linzake koma lovalidwa ka 100 ndi lotchipa kusiyana ndi lomwe latayidwa litavalidwa ka 10. Masikipa oyera amatha msanga ngakhale akhale odula, choncho musawonongerepo zambiri. Zovala zogwiritsidwapo kale ntchito zimakhala ndi nsalu zabwino nthawi zambiri; ingoyang'anani m'khwapa, pakolala, pakati pa miyendo ndi m'matumba, komwe kutha kumayambira.

Kasamalidwe

Kuchapa kumathetsa zovala kuposa kuvala. Zamkati ndi masikipa zichapidwe mukavala kamodzi, koma jinzi, siketi, juzi ndi jekete zingavalidwe kangapo ngati mwaziyanika pamphepo mukavula. Madzi ozizira kapena a madigiri 30 ndi okwanira pa zovala zambiri. Tsekani mazipi, tembenuzani zodera, siyanitsani zoyera, ndipo musachulutse sopo chifukwa wotsalira amaumitsa nsalu n'kusiya mizere yotuwa. Zamitundu ziyanikeni pamthunzi zili chotembenuza, popeza dzuwa limasulutsa utoto. Juzi musaifinye mopotokola. Ikulungeni m'thawulo, muidinikize, kenako muiyale pathyathyathya. Posunga muipinde, chifukwa pa hang'ala imatalika n'kutuluka tinyanga m'mapewa.

Pa lebulo pali chithunzi cha simbi chokhala ndi timadontho. Kamodzi ndi kutentha kochepa, pafupifupi madigiri 110, kwa nsalu ngati acrylic ndi nayiloni. Tiwiri ndi madigiri 150, kwa ubweya ndi zosakaniza zambiri. Titatu ndi madigiri 200, kwa thonje ndi linen. Zodera muzisite mkati kapena muyale kansalu pamwamba, apo ayi zimanyezimira m'misoko ndipo kunyezimirako nthawi zambiri sikuchoka.

Banga lichotseni lisanaume ndiponso musanasite, chifukwa kutentha kumalikhazikitsa. Magazi amafuna madzi ozizira. Otentha amawaphika n'kuwamatiriza kunsalu. Mafuta amachoka ndi kadontho ka sopo wamadzi wotsukira mbale, kosiyidwa mphindi khumi musanachape. Mankhwala oyeretsera a chlorine musawaike pa ubweya, silika kapena chilichonse chokhala ndi elastane, chifukwa amadya ulusi n'kusiya chikasu. Zovala za nyengo ina muzisunge zochapa ndi zouma bwino. Njenjete zimakonda ubweya wokhala ndi thukuta, ndipo chinyezi chimabweretsa nkhungu. Nsapato zachikopa zipume tsiku limodzi mukazivala kuti thukuta liume, ndipo chidendene chikonzedwe labala yapansi ikangoyamba kudyeka, isanafike pathupi la nsapato.

Khalani ndi singano, ulusi wa mitundu yanu yamaziko ndi kabotolo kosungira mabatani apadera omwe amabwera ndi zovala zatsopano. Batani logwedera lisokeni tsiku lomwelo, msoko wotseguka pang'ono muutseke musanachape. Ndipo thalauza kapena diresi lomwe limakukhalani bwino koposa likatheratu, musalitaye msanga. Pitani nalo kwa telala pamodzi ndi nsalu yolemera mofanana ndi yakaleyo, alimasule m'misoko n'kudulirapo latsopano.